Ampulifaya ya Agogo Siyakutha, Osadziwa Ndife

Pa tchuthi chapitachi kwathu kunabuka mkangano womwe sunathe mpaka tsiku lomwe ndinanyamula chikwama kubwerera kuno kusukulu. Nkhani yake inali ya chitsulo china cholemera chomwe chakhala pa kabati ya agogo anga aamuna kuyambira mayi anga asanabadwe. Amalume ankati chigulitsidwe kwa anyamata ogula zitsulo zakutha aja, poti mkati mwake muli kopa wambiri ndipo pa sikelo chikhoza kutulutsa ya ndiwo ya masiku angapo. Agogo ankati wofuna kuchigulitsa ayambe wawaperekeza iwo kumanda. Ine ndinali pakati, ndipo manja anga sanali oyera, monga mumve posachedwapa.

Chitsulocho ndi ampulifaya ya mavalavu. Ambiri a ife tinabadwa mavalavu atachoka kale m'masitolo, tsono ndifotokoze pang'ono. Ampulifaya ndi gawo lija la zoimbira nyimbo lomwe limalandira mawu ofooka ochokera ku mbale, ku kaseti kapena ku foni, n'kuwapatsa mphamvu yoti agwedeze masipika. Zamakono zimagwira ntchitoyi ndi mathiranzisita, tinthu ting'onoting'ono tobisika mkati. Zakale zinkagwiritsa ntchito mavalavu, timabotolo tagalasi tooneka ngati mababu, toimirira poyera pamwamba pa chitsulocho, toyaka mofiirira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Ya agogo ndi Leak Stereo 20, yomwe kampani ya H. J. Leak ya ku London inayamba kupanga mu 1958. Ili ndi mavalavu 8: anayi a EL84 osenza katundu yense, atatu a ECC83 oyamba kukuza mawu, ndi imodzi ya GZ34 yowongola magetsi ochokera kukhoma. Agogo anabwera nayo kuchokera ku Salisbury, komwe lero timati Harare, kumene anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina zaka zambiri. Bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira ampulifayayo, kabokosi kake kokhala ndi zopotokola, choimbira mbale, ndi masipika awiri amatabwa aakulu ngati masutikesi.

Maganizo anga ndi awa, anzanga. Makina otere, omwe alipobe m'nyumba zina za anthu omwe anakagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni, asagulitsidwe pa sikelo. Asasungidwenso ngati chokongoletsera pabalaza atawafunda kansalu koluka. Aziimba. Koma wofuna kuti aziimba avomere kuti sayendetsedwa monga timayendetsera timasipika ta Bluetooth tija, toti kudina basi kayamba. Ine ndikukhulupirira kuti maampulifaya ambiri omwe anthu amati anafa ndi ukalamba anaphedwa ndi manja a adzukulu. Ndikutero chifukwa ndinatsala pang'ono kukhala mmodzi wa adzukuluwo.

Chimwalirire agogo aakazi, zaka 10 zapitazo, ampulifayayo inali isanayatsidwepo. Sabata loyamba la tchuthi, ine ndi msuweni wanga tinagula kachingwe kumsika, tinalumikiza foni yake ku kabokosi kaja, n'kuyatsa. Kunali zii. Poganiza kuti siwichi yachita dzimbiri, tinazimitsa ndi kuyatsa katatu konse motsatizana. Kenaka mawu anatuluka, osakaza ndithu, poti tinali titalowetsa foni pa bowo la choimbira mbale, koma ife tinangoti ndi mmene zinkamvekera zakale, n'kuwonjezera voliyumu. Kansalu koluka kaja tinangokakankhira kumbuyo, kali chiphimbire mathiransifoma. Patapita mphindi ngati 10 masipika anayamba kung'ung'udza, m'nyumba munamveka fungo la chinthu chopserera, ndipo valavu imodzi ya EL84 inafiira psuu mkati monse, osati kufiira kwa khala kuja ayi, koma ngati khasu lili pa moto wa mmisiri wosula. Tisanaganize chochita tinamva kanthu kakugwa mkati, nyimbo n'kuduka. Agogo atabwera kuchokera kudimba sanakalipe. Anangoyang'ana, n'kufunsa kuti, "Mwaimaliza, adzukulu?" Bola akanandikwapula.

Apa ndi pomwe amalume anapezera mpata wonena zogulitsa. Ine, pofuna kuchotsa manyazi, ndinapempha kuti ndiyambe ndapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire wokonza mawailesi m'tauni. Imalemera makilogalamu pafupifupi 10, ndipo ndinaifungata pa miyendo mu minibasi ulendo wonse.

Mkuluyo atatsegula kunsi anapeza resistor ya ma ohm 100 ili gone pa chivindikiro, yosapsa, yongothothoka pamalo pake. Anaseka. Anati okonza ampulifaya imeneyi anaika dala resistor imeneyo mozondoka, yongogwiridwa ndi mtovu wowotcherera, kuti magetsi akachuluka mopitirira muyeso mtovuwo usungunuke, resistor igwe, njira ya magetsi iduke thiransifoma isanapse. Ndiye kuti munthu wina ku London, zaka zoposa 60 zapitazo, anali ataganizira kale za mwana wopupuluma ngati ine. Gwero la vutolo linali ma capacitor akale omwe anayamba kudontha magetsi chifukwa cha ukalamba ndi chinyezi. Capacitor yotere imalola mphamvu yosayenera kufika pa valavu, valavuyo n'kumakoka magetsi osaleka mpaka kufiira.

Phunziro loyamba linali limenelo: ampulifaya yomwe yagona zaka siyatsidwa pakhoma mwachindunji. Imayamba yaonedwa ndi wodziwa. Mkuluyo amaiyatsa kudzera pa babu la kale lija la kawaya mkati, la mawati 60 kapena 100, lomwe amalilumikiza panjira ya magetsi opita ku ampulifaya. Ngati mkati muli vuto, babulo limawala kwambiri n'kudzitengera mphamvu yomwe ikanaotcha zinthu. Ngati zonse zili bwino, limang'anima poyamba kenaka n'kuzilala. Mababu amakono a LED sagwira ntchito imeneyi, ndiye mkuluyo amasunga ake akale m'kabokosi ngati mazira.

Koma chomwe ndikufuna kuti aliyense wowerenga pano achisunge, ngakhale aiwale zina zonse, ndi chomwe anachita asanakhudze kanthu kalikonse mkatimo. Pulagi inali itazulidwa kale, komabe anatenga mita yake n'kuyeza pa ma capacitor akuluakulu, n'kuyamba wataya magetsi otsalira kudzera pa resistor ina, dzanja limodzi lili m'thumba la thalauzi. Nditafunsa anati, "Mdzukulu, ichi chimaluma chili chozimitsa." Ampulifaya ya mavalavu imagwira ntchito ndi mavolti opitirira 300, ndipo zina zazikulu zimafika 500. Ma capacitor amatha kusunga mphamvu imeneyi kwa nthawi pulagi itazulidwa. Dzanja limodzi limakhala m'thumba kuti ngozi ikachitika magetsi asadutse kuchokera dzanja lina kupita linzake, poti njira imeneyo imadzera pa mtima. Enafe tinazolowera kutsegula mawailesi a mabatire ndi mpeni wa pakhitchini. Chizolowezi chimenecho pa mavalavu chikhoza kutengera munthu kumanda. Mwini ampulifaya ntchito yake ithere kunja. Za mkati ndi za mmisiri.

Chifukwa chiyani mavolti ochuluka chotero? Mkati mwa valavu mulibe mpweya. Muli kachitsulo kotchedwa cathode komwe kakatenthedwa kamatulutsa ma electron, ndipo ma electron amenewa amakokedwa ndi chitsulo china chotchedwa plate, chomwe chimayenera kukhala ndi mavolti ambiri kuti chiwakoke kudutsa mpata wopanda kanthuwo. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka waya kotchedwa grid. Mawu ofooka aja amafikira pa kaukondeka, ndipo kusintha pang'ono kwa mphamvu pamenepo kumasintha kwambiri mtsinje wa ma electron, monga mmene zala ziwiri pa mpopi zimalamulira madzi a thanki yonse. John Ambrose Fleming wa ku England ndiye anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America anatulukira ya kaukondeka mu 1906. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsanso chifukwa chomwe ampulifaya inakhalira chete titangoyatsa. Cathode inali isanatenthe. Imafuna theka la mphindi kapena kupitirirapo, ndipo ife mmalo modikira tinkaimenya ndi magetsi mobwerezabwereza. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za masipika, pomwe pagona imfa ya maampulifaya ambiri. Ampulifaya ya mavalavu siyatsidwa masipika asanalumikizidwe, ndipo waya wa sipika sazulidwa nyimbo ikuimba. Lamuloli limatisokoneza chifukwa ndi losemphana ndi zomwe tinazolowera. Ampulifaya ya mathiranzisita kawirikawiri sidandaula ikakhala yopanda sipika. Chomwe imaopa ndi mawaya awiri kukhudzana. Ya mavalavu mdani wake wamkulu ndi kusowa katundu. Mavalavu amatulutsa mavolti ambiri koma mtsinje wa magetsi wochepa, pomwe sipika imafuna mavolti ochepa ndi mtsinje wochuluka. Pakati pawo pamakhala thiransifoma yosintha izi, ngati magiya a njinga. Anzanga a Fomu 3 akumbukira zomwe tinaphunzira mu fizikisi, kuti waya wokulungidwa pa chitsulo amasunga mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo ikasowa kolowera imabwerera ngati mavolti ochuluka zedi. Sipika ikachotsedwa nyimbo ili pamwamba, mavolti amenewa amathetheka mkati mwa thiransifoma n'kuboola utoto wopyapyala wotchinga mawaya ake, omwe ena ndi oonda ngati tsitsi. Valavu ikafa mumazula n'kuika ina. Thiransifoma yotere ikapsa, kupeza ina kapena munthu woikulunganso moyenera ndi nkhani ina, ndipo nthawi zambiri mpomwe ampulifaya imathera pa sikelo.

Nanga taganizani zomwe timachita pa chinkhoswe kapena pa phwando la mayeso. Wina akuti sipika iyi ipite panja, n'kuisolola nyimbo ili mkati. Wina wabwereka masipika atatu kwa aneba, onse n'kuwapotokolera pa mawaya amodzimodzi. Kumbuyo kwa sipika iliyonse kumalembedwa ma ohm ake, ndipo ampulifaya ya agogo ili ndi posankhira 4, 8 kapena 16. Nambala ziwirizi zigwirizane. Masamu ake ndi omwe aja a m'kalasi: masipika awiri a ma ohm 8 olumikizidwa mbali ndi mbali amapanga 4, anayi amapanga 2, ndipo pa 2 palibe posankhira. Mavalavu amatopa msanga, mawu n'kuipa. Ndimadabwa kuti masamu omwe timakhoza bwino pa pepala timawaiwala tikangoona mawaya enieni.

Kayatsidwe kali ndi dongosolo lake, lomwe ndi losavuta. Voliyumu itsike kaye. Ngati choimbira chili ndi siwichi yakeyake, chiyambe ndicho kuyaka, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa muyambe ndi ampulifaya. Mukatero kugunda kuja kwa poyatsa sikufika ku masipika. Foni kapena wailesi ilowe pa bowo la wailesi kapena la tepi, osati la choimbira mbale, chifukwa bowo limenelo linapangidwira mawu ofooka kwambiri ochokera ku singano, ndipo limakuza mabesi mwadala pobwezera zomwe zinachepetsedwa pojambula mbaleyo. Foni ikalowa pamenepo zimamveka ngati galimoto yothothoka ekizozi, monga zinatichitikira ife.

Kuno kwathu pali vuto lina lomwe mwina okonza ampulifayayi sanaliganizire kwambiri, la magetsi ozimazima. Magetsi akazima ampulifaya ili pa ntchito, thamangani mukazimitse pakhoma. Akabwera musafulumire. Valavu ya GZ34 ija ikakhala yozizira imatulutsa mphamvu pang'onopang'ono, zomwe zimateteza zinzake. Koma magetsi akangophethira n'kubwerera iyo ikadali yotentha, mphamvu yonse imalowa kamodzi ngati madzi osefukira, ndipo imatha kuthetheka mkati. Dikirani mphindi zingapo izizire. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi. Za majenereta ang'onoang'ono ndi ma inverter otchipa, mkulu uja anangopukusa mutu: magetsi ake sakhala osalala, thiransifoma imalira ndi kutentha. Ndiponso amene mukalandire ampulifaya kuchokera kwa achibale akunja muyambe mwawerenga kumbuyo. Magetsi a ku Malawi ndi a mavolti 230, ofanana ndi a ku Britain, pomwe a ku America ndi 120 ndipo a ku Japan ndi 100. Ya ku America mukailowetsa pakhoma pathu popanda chotsitsira mphamvu, mudzaimva kamodzi kokha, ndipo sidzakhala nyimbo.

Pulagi ikhale ya mano atatu, dzino lalikulu lija lolumikizidwa ndithu ku chitsulo cha ampulifaya. Zolowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi n'kuwatsina ndi timitengo ta machesi zija, pa chinthu chachitsulo chokhala ndi mavolti 300 mkati, ndi kuputa maliro. Fyuzi ikapsa ndiye kuti ikukuuzani kanthu. Kuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kuli ngati kutseka pakamwa mlonda yemwe akukuwa kuti kwabwera akuba.

Kutentha ndi khalidwe lake, si matenda. Galasi la EL84 limatentha kuposa madzi owira, tsono ana aang'ono asayandikire, chifukwa kuwala kuja kumawakopa. Ampulifaya imafuna mpweya pamwamba ndi m'mbali. Isatsekeredwe m'kabati, isakhale pafupi ndi makatani, ndipo pamwamba pake pasakhale maluwa, mabuku kapena kansalu. Apa ndinakangana pang'ono ndi mayi, omwe kwa iwo chinthu chosafundidwa pabalaza ndi chizindikiro cha nyumba yosasamalika. Tinagwirizana kuti kansaluko kazibwerera ikazizira, poti fumbi nalonso ndi mdani, makamaka m'chilimwe, ndipo mphemvu ndi makoswe zimakonda malo ofunda. Isasiyidwe ikuyaka m'nyumba mopanda munthu, ndipo isanyamulidwe ikadali yotentha.

Ubwino wake ndi woti valavu imadziulula yokha kwa woyang'anitsitsa. Kuwala kofiirira pakatikati ndiko kwabwino. Kachizirezire ka buluu pa galasi nthawi zambiri si vuto. Chitsulo chachikulu chamkati chija chikayamba kufiira, zimitsani pompo osadikira kuti nyimbo ithe. Pamutu pa valavu pamakhala banga lonyezimira ngati kalilole. Likasanduka loyera ngati ufa ndiye kuti mpweya walowa, valavuyo yatha. Ma EL84 amagwira ntchito awiriawiri, ina kukankha ina kukoka, ndiye posintha ndi bwino kugula ofanana mphamvu, osati kungotola iliyonse yolowa pabowopo.

Tsono ndibwere kwa amalume, chifukwa mfundo zawo si zopepuka ndipo kungakhale kunama kunena kuti ndinawagonjetsa. Yoyamba ndi ya magetsi. Ampulifaya imeneyi imadya mawati pafupifupi 100 nthawi yonse yomwe yayaka, kaya ikuimba mokweza kaya ili chete, ndipo gawo lalikulu limathera m'kutentha. Maola 10 ndiye kuti yuniti yathunthu yapita. Kasipika ka msuweni wanga kamaimba tsiku lonse ndi batire la m'mimba mwake. M'nyumba yodalira sola yaing'ono, ampulifaya yotere ikhoza kugonetsa anthu mumdima. Apa amalume akunena zoona, ndipo yankho langa ndi lakuti ichi si choyatsa m'mawa n'kumachapa panja. Ndi cha ola limodzi kapena awiri madzulo, anthu atakhala pansi kuti amvere. Mavalavu akuluakulu aja moyo wawo umawerengedwa m'maola masauzande angapo basi, ndiye kuwayatsa popanda womvera ndi kutaya zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Yachiwiri ndi ya zipangizo. Fakitale yotchuka ya Mullard ku Blackburn, ku England, inasiya kalekale kupanga mavalavu. Koma si zoona kuti anatheratu padziko. Akupangidwabe ku Slovakia ndi kampani ya JJ Electronic, ku Saratov m'dziko la Russia, ndi ku China. Owasunga moyo kwambiri ndi oimba magitala, omwe mpaka lero amakonda maampulifaya a Marshall, Fender ndi Vox. Vox AC30 imagwiritsa ntchito ma EL84 anayi ngati ya agogo. Mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mavalavu anasowa ndipo mitengo inakwera m'maiko ambiri. Kwa ife zikutanthauza kuitanitsa kunja ndi kudikira. Ndi chifukwa chinanso chosamalira omwe alipowo.

Yachitatu ndiyo yomwe sindigwirizana nayo konse. Amalume amati mawati 10 mbali iliyonse ndi zamasewera, pomwe m'sitolo muli mawailesi olembedwa 3000W. Kawerengeni bwino pambali pa nambalayo, mupeza zilembo zoti PMPO. Muyeso umenewu ulibe lamulo limodzi lomwe onse amatsata. Wogulitsa amalemba nambala yomwe yamukomera. Yang'anani kumbuyo kwa wailesi yomweyo muone mawati omwe imakoka kukhoma, mudzifunse kuti ingatulutse bwanji zochuluka kuposa zomwe yadya. Komanso khutu la munthu silimva mwa masamu a kuphatikiza. Kuti mawu amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10. Ndiye kuti ampulifaya ya mawati 100 enieni imangoposa ya agogo kawiri m'makutu, osati ka 10. Masipika akale akuluakulu aja anapangidwa kuti azilira ndi mphamvu yochepa, ndipo pabalaza pa agogo sitifika ndi theka lomwe la voliyumu. Pa bwalo la ukwati singathe, ndikuvomera, ndipo isayesedwe n'komwe.

Sindikufuna kugwera mbali inayo, ya anthu omwe amalankhula za mavalavu ngati muli mankhwala. Amati mawu ake ndi ofunda, ndi amoyo. Pali kachoonadi pang'ono: valavu ikapanikizidwa mopitirira mphamvu yake imasokoneza mawu mofewa, pomwe mathiranzisita amawadula mwaukali, ndipo n'chifukwa chake oimba magitala amaikonda. Koma Harold Leak mwini wake sankagulitsa kufunda. Chomwe ankanyadira kuyambira mu 1945 chinali choti maampulifaya ake amasokoneza mawu ndi 0.1 peresenti yokha, mpaka anawatcha dzina loti Point One. Cholinga chinali mawu oyera. Ampulifaya yabwino ya mathiranzisita imakwanitsanso zimenezo, motchipa ndi mosatentha. Wonena kuti agule ya mavalavu yatsopano pomwe kunyumba kulibe fetereza, ine sindingamuikire kumbuyo. Nkhani yanga ndi ya zomwe zilipo kale m'nyumba zathu.

Ndipo zomwe zilipozo zili ndi kanthu komwe zatsopano zilibe: zimakonzeka. Mkulu uja atatembenuza ampulifaya ya agogo, chipangizo chilichonse chinali poyera, chogwirika ndi zala, chosinthika pachokha. Pakona pa shopu yake panali mulu wa mawailesi amakono, ena osakwana zaka zitatu, omwe anati sangawakonze poti chofa ndi kachipangizo kamodzi kosatsegulika ndipo bolodi yonse sipezeka. Chinthu cha zaka zoposa 60 chinatuluka m'shopumo chikuimba, za dzana zili pa mulu. Kuchiphwanya kuti tipeze kopa wa ndiwo za masiku atatu, ine ndikuona ngati kugwetsa mtengo wa mango pofuna nkhuni za tsiku limodzi.

Palinso mbiri yathu m'timabotolo timeneti. Thiranzisita inatulukiridwa mu 1947 ku Bell Laboratories, koma panapita zaka isanafike m'mawailesi a anthu wamba. Wailesi yomwe inafikitsa mawu a pa mphepo m'midzi yambiri ya kuno inali ya mavalavu, yotchedwa Saucepan Special chifukwa chooneka ngati sefuliya. Kampani ya Ever Ready inayamba kuipanga mu 1949, inkagulitsidwa mapaundi 5, ndipo inkayendera batire lalikulu. Pa imeneyo anthu a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia ankamvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja. Agogo amati ali mnyamata mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pa munthu mmodzi yemwe anali nayo. Ndani wa ife anaionapo? Zambiri zinatayidwa zitangoonedwa ngati zachikale, ndipo maampulifaya awa akulowera njira yomweyo ife tikuyang'ana.

Ya agogo inabwerera pa kabati itasinthidwa ma capacitor, resistor ija itabwezeretsedwa pamalo pake ndi mtovu wamba monga inalili, poti mkuluyo anati woimangirira zolimba ndiye kuti wachotsa chitetezo. Ndalama yokonzetsera anapereka ndi azakhali, ine ndinalipira polima mizere ya kudimba kwawo masiku anayi. Valavu yomwe inafiira ija inafooka, ndipo tikudikira ma EL84 anayi ofanana kuchokera kwa mbale wathu wa ku Johannesburg. Pakadali pano imaimba motsitsa. Madzulo oyamba agogo anatulutsa mbale za Jim Reeves ndi za Mahotella Queens zomwe ankamvera ndi agogo aakazi, anapukuta imodzi ndi mpango, n'kundiuza kuti, "Yatsa iweyo, koma uwerenge mpaka 60." Ndinawerenga mokweza, msuweni wanga akuseka pakhomo.

Ndisananyamuke ndinalemba dongosolo lonse pa katoni n'kumata pambali pa kabati: masipika kaye, voliyumu pansi, kansalu kachoke, dikirani, magetsi akazima zimitsani pakhoma, osatsegula kunsi. Amalume anawerenga, n'kutenga cholembera changa n'kuonjezera mzere wawo pansi pake, woti woyatsa azigula yekha mayunitsi. Za sikelo sanazisiye; akuti tidzakambirananso mavalavu a ku Johannesburg aja akadzafika ndi mtengo wake.